Zifukwa Zimene Atsamunda a ku America Adagalukira Ulamuliro wa Britain

Wophunzira, mukafunsidwa chifukwa chimene madera 13 a ku America adagalukira dziko la Britain, yankho limene limafulumira kubwera m'mutu ndi lakuti "msonkho". Yankho limeneli si lolakwika, koma ndi losakwanira, ndipo silingakupatseni malikisi ambiri. Anthu a m'maderawa ankakhoma msonkho wochepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo okhala ku Britain kwenikweniko, ndipo ambiri mwa iwo sadali amphawi. Gwero la mkangano lidali funso ili: kodi ndani ali ndi mphamvu yolamula anthu kukhoma msonkho ndi kuwapangira malamulo? Pamene mukuwerenga mutu uno, gwiritsitsani funso limeneli, chifukwa chochitika chilichonse chimene tifotokoze chikubwerera pomwepo.

Atsamunda amenewa adali ayani?

Kwathu kuno mawu oti "atsamunda" amatikumbutsa azungu amene ankalamulira Nyasaland. M'mutu uno mawuwa akuimira anthu ochokera ku Ulaya, makamaka ku Britain, amene adakakhazikika m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic ku North America, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo. Choncho amene adagalukira mfumu ya Britain sadali eni nthaka a ku America. Adali alendo amene adalanda malo a eni nthakawo, ndipo ankadziona kuti ndi Angerezi.

Mudzi wawo woyamba wokhazikika udali Jamestown, ku Virginia, umene udamangidwa m'chaka cha 1607. Madera ena monga Massachusetts, New York ndi Pennsylvania adatsatira, ndipo lomaliza lidali Georgia m'zaka za m'ma 1730. Pofika 1775 m'maderawa mudali anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo mmodzi mwa anthu asanu alionse adali kapolo wochokera ku Africa kapena wobadwa kwa akapolo.

Anthu ozolowera kudziyendetsera zinthu

Ulendo wa pa sitima kuchokera ku London kukafika ku America unkatenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Kalata yofunsa nzeru kwa mfumu inkatha miyezi itatu yankho lisanabwere. Chifukwa cha mtunda umenewu, dera lililonse lidali ndi bungwe lake la aphungu osankhidwa ndi amuna okhala ndi malo kapena chuma. Bungwe la ku Virginia lidayamba kukumana m'chaka cha 1619. Madera ambiri adali ndi bwanamkubwa woikidwa ndi mfumu, koma mabungwe a aphunguwo ndi amene ankakhazikitsa misonkho ya m'deralo, ndipo m'madera ambiri ndi omwewo amene ankavomereza malipiro a bwanamkubwayo. Bwanamkubwa wovuta ankangomuchedwetsera malipiro mpaka afewe.

Britain idali ndi malamulo a zamalonda, kuyambira m'chaka cha 1651, olamula kuti katundu wa m'maderawa azinyamulidwa pa sitima za Angerezi ndiponso kuti mbewu zina, monga fodya, zizigulitsidwa kudzera ku Britain. Koma malamulowa sankatsatidwa kwenikweni. Amalonda ankazembetsa katundu, ndipo otolera msonkho ankalandira ziphuphu n'kuyang'ana kumbali. Kwa zaka pafupifupi 150 atsamunda adazolowera moyo wotere, mpaka adayamba kuona kudziyendetsera zinthu ngati ufulu wawo wachibadwidwe.

Nkhondo ndi ngongole

Zinthu zidasintha chifukwa cha nkhondo ya pakati pa Britain ndi France, imene ku America idayamba mu 1754 n'kutha mu 1763. Britain idapambana ndipo idatenga Canada pamodzi ndi dera lalikulu la kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi. Kupambanaku kudabweretsa mavuto atatu.

Vuto loyamba lidali ngongole. Ngongole ya boma la Britain idakwera pafupifupi kawiri, kufika pa mapaundi pafupifupi 130 miliyoni. Boma lidaganizanso zosiya asilikali pafupifupi 10,000 ku America, ndipo nduna za mfumu George III zidaona kuti nkoyenera kuti atsamunda athandizepo pa ndalama zosamalira asilikaliwo.

Vuto lachiwiri lidali malo. M'chaka chomwecho cha 1763 mitundu ingapo ya eni nthaka, motsogozedwa ndi mfumu Pontiac ndi ena, idathira nkhondo malinga a Angerezi. Pofuna kupewa nkhondo ina yodula, mfumu George III idalengeza kuti atsamunda asakhazikike kumadzulo kwa mapiri a Appalachian. Alimi ofuna minda yatsopano adakwiya, chimodzimodzinso anthu olemera, monga George Washington, amene ankayembekezera kupeza phindu pogula ndi kugulitsa malo a kumeneko.

Vuto lachitatu lidali losaonekera msanga. Pamene asilikali a France adali ku Canada, atsamunda ankadalira Britain kuti iwateteze. Mdaniyo atachoka, mantha adatha, ndipo anthu adayamba kufunsa chimene asilikali a mfumu ankatsalira m'dziko mwawo.

Msonkho wa sitampa

Mu 1764 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, motsogozedwa ndi nduna yaikulu George Grenville, idakhazikitsa lamulo lotchedwa Sugar Act. Lamuloli lidakhudza madzi okhuthala otsala popanga shuga, amene atsamunda ankaphikira kachasu wawo wotchedwa rum. Msonkho wake udatsitsidwa kuchoka pa mapeni 6 kufika pa mapeni 3 pa galoni, koma tsopano boma lidatsimikiza zoutolera ndithu. Ogwidwa akuzembetsa katundu ankatha kuzengedwa m'makhoti apadera momwe woweruza ankagamula yekha, popanda gulu la anthu wamba lothandiza kuunika mlandu monga mwa mwambo wa Angerezi.

Chaka chotsatira, mu 1765, kudabwera Stamp Act. Lamuloli lidati nyuzipepala, zikalata za kukhoti, mapepala a umwini wa malo, ziphaso ngakhalenso makadi a njuga zikhale pa pepala lodindidwa sitampa ya boma, yolipiridwa. Aka kadali koyamba kuti Nyumba ya Malamulo ya ku London iike msonkho wolunjika pa zochita za tsiku ndi tsiku za atsamunda. Msonkhowu udagwera kwambiri maloya, amalonda ndi osindikiza nyuzipepala, anthu amene ankadziwa kulemba ndi kukopa anzawo.

Mfundo ya atsamunda idali yakuti Mngerezi sakhometsedwa msonkho popanda chilolezo chake choperekedwa kudzera mwa phungu amene iye wasankha. Iwo adalibe phungu ndi mmodzi yemwe ku London, choncho okhawo oyenera kuwaikira msonkho adali mabungwe awo a aphungu. Boma lidayankha kuti phungu aliyense wa ku London amaimira anthu onse a mfumu, ngakhale amene sadamuvotere, ndipo lidapereka chitsanzo cha mizinda ya Manchester ndi Birmingham imene panthawiyo idalibe aphungu akeake. Atsamunda adakana yankholi. Iwo adati phungu akaika msonkho pa munthu wa ku Manchester, iye mwini amaukhomanso, koma akauika pa munthu wa ku Boston, thumba lake silikhudzidwa, ndipo amapepukidwa kumene.

Mu Okutobala 1765 nthumwi za madera 9 zidakumana ku New York n'kulemba madandaulo awo. Amalonda adagwirizana zosiya kugula katundu wa ku Britain. Magulu otchedwa Sons of Liberty adaopseza ogulitsa masitampa mpaka ambiri adatula pansi udindo, ndipo ku Boston gulu la anthu lidaphwanya nyumba ya wachiwiri kwa bwanamkubwa, Thomas Hutchinson. Amalonda a ku Britain ataona kuti malonda awo alowa pansi, adachonderera boma, ndipo mu Malichi 1766 lamulolo lidathetsedwa. Koma tsiku lomwelo Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Declaratory Act, lamulo lonena kuti iyo ili ndi mphamvu yopangira maderawo malamulo pa nkhani ina iliyonse. Msonkho udachotsedwa, koma funso lija la mwini mphamvu lidatsala osayankhidwa.

Asilikali mumzinda wa Boston

Mu 1767 nduna ya zachuma, Charles Townshend, idaika msonkho pa magalasi, penti, mtovu, mapepala ndi tiyi zolowa m'maderawa. Gawo lina la ndalamazo lidali loti lizilipira abwanamkubwa ndi oweruza milandu. Taonani kuopsa kwake kwa atsamunda: bwanamkubwa wolandira malipiro kuchokera ku London sakadaopanso bungwe la aphungu la m'dera lake. Chingwe chimene ankamugwirira chikadaduka.

Kunyanyala katundu wa ku Britain kudayambiranso. Amayi adatengapo mbali yaikulu popota thonje ndi ubweya n'kuluka nsalu zawozawo ndiponso posiya kugula tiyi. Mu Okutobala 1768 boma lidatumiza asilikali ku Boston, ndipo anthu ndi asilikaliwo ankakhalira kunyozana. Pa 5 Malichi 1770 gulu la anthu lidayamba kugenda asilikali olondera nyumba yotolerera msonkho, asilikaliwo adawombera, ndipo anthu asanu adafa. Mmodzi mwa iwo adali Crispus Attucks, munthu wa magazi a ku Africa ndi a eni nthaka. Pa mlandu wake, loya John Adams adaimira asilikaliwo ndipo ambiri adapezeka osalakwa. Komabe chithunzi chimene Paul Revere adasindikiza, choonetsa asilikali atandanda mzere kuwombera anthu opanda zida, chidafala kwambiri, ndipo ndi chimene chidakhazikika m'mitima ya anthu.

M'chaka chomwecho boma la Lord North lidachotsa misonkho yonse ya Townshend kupatula wa tiyi, umene lidausiya dala ngati chizindikiro chakuti mphamvu yokhometsa msonkho idakali m'manja mwake.

Tiyi wotsika mtengo

Mu 1773 kampani ya East India Company idali pamavuto a zachuma, ili ndi tiyi wambiri wosagulidwa. Boma lidailola kutumiza tiyiyo ku America mwachindunji, kudzera mwa ogulitsa osankhidwa ndi kampaniyo. Zotsatira zake zidali zakuti mtengo wa tiyi udatsika. Pano mpamene mungaonetse woyesa mayeso kuti mwamvetsa nkhaniyi: anthu adakana tiyi wotsika mtengo. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'kati mwa mtengo wotsikawo mudali msonkho uja wa mapeni 3 pa paundi, ndipo kugula tiyiyo kukadatanthauza kuvomereza kuti London ili ndi mphamvu yowakhometsa msonkho. Amalonda a m'maderawa, kuphatikizapo ozembetsa tiyi, adaonanso kuti malonda awo alandidwa.

Ku New York ndi ku Philadelphia sitima za tiyi zidabwezedwa. Ku Boston bwanamkubwa Hutchinson adakana kuti sitima zichoke tiyi asanatsitsidwe. Usiku wa pa 16 Disembala 1773 amuna ena, atadzizimbaitsa ngati eni nthaka, adakwera sitima zitatu n'kutaya mabokosi 342 a tiyi m'nyanja.

Chilango chimene chidagwirizanitsa madera

Mu 1774 Nyumba ya Malamulo idayankha ndi malamulo okhwima. Doko la Boston lidatsekedwa mpaka tiyi atalipiridwa. Khonsolo ya ku Massachusetts idasiya kusankhidwa n'kuyamba kuikidwa ndi mfumu, ndipo misonkhano ya m'matauni idachepetsedwa. Akuluakulu a boma oimbidwa milandu ikuluikulu akadatha kukazengedwera ku Britain. Mkulu wa asilikali, Thomas Gage, adaikidwa kukhala bwanamkubwa. Apa nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu: asodzi, onyamula katundu padoko ndi mabanja awo adavutika chifukwa cha zochita za anthu ochepa.

Lamulo lina la chaka chomwecho, Quebec Act, lidapereka dera la mtsinje wa Ohio ku chigawo cha Quebec, chimene chidalibe bungwe la aphungu osankhidwa, ndipo lidalola Akatolika a kumeneko kupembedza momasuka. Atsamunda, amene ambiri adali Apulotesitanti, adaliona ngati chitsanzo cha ulamuliro umene udali kuwadikira.

Boma linkayembekezera kuti madera ena achita mantha n'kuisiya Massachusetts yokha. M'malo mwake iwo adatumiza chakudya ku Boston, poona kuti ngati ufulu wa dera limodzi ungafufutidwe ndi lamulo la ku London, ndiye kuti palibe dera lotetezeka. Mu Sepitembala 1774 nthumwi za madera 12, kupatula Georgia, zidakumana ku Philadelphia ndipo zidagwirizana zoimitsa malonda ndi Britain.

Kuchoka pa madandaulo kufika pa ufulu wodzilamulira

Dziwani kuti mpaka pano ambiri sankafuna kupatukana ndi Britain. Ankafuna kuti zinthu zibwerere mmene zidalili chisanafike chaka cha 1763. Ngakhale nkhondo itayamba pa 19 Epulo 1775, pamene asilikali a Gage adapita kukalanda zida ndi wonga ku Concord n'kuwomberana ndi anthu a m'midzi ku Lexington ndi ku Concord komweko, msonkhano wa ku Philadelphia udatumizabe kalata yopempha mtendere kwa mfumu mu Julayi. Zinthu zinayi ndi zimene zidasintha maganizo a anthu.

Choyamba, mfumu idakana kulandira kalatayo, ndipo mu Ogasiti 1775 idalengeza kuti maderawo ndi oukira boma. Anthu amene ankati olakwa ndi aphungu ndi nduna, osati mfumu, adasowa chonena.

Chachiwiri, Britain idatseka malonda onse a maderawo, n'kulemba ganyu asilikali ochokera ku Germany kuti akamenyane ndi anthu amene ankadzitcha Angerezi.

Chachitatu, mu Novembala 1775 bwanamkubwa wa ku Virginia, Lord Dunmore, adalonjeza ufulu kwa akapolo a anthu ogalukira amene angathawe n'kulowa usilikali wa mfumu. Eni akapolo ambiri a madera a kum'mwera amene ankakayikakayika adatembenukira mbali ya ogalukira.

Chachinayi, mu Januwale 1776 Thomas Paine adatulutsa kabuku kotchedwa Common Sense. Adakalemba m'Chingerezi chosavuta, chomveka kwa mlimi ndi mmisiri, ndipo kankawerengedwa mokweza m'malo osonkhanira anthu. Paine adatsutsa ufumu weniweniwo, ponena kuti kubadwira m'banja lachifumu sikupatsa munthu nzeru zolamulira, ndiponso kuti nkosayenera kuti chilumba chizilamulira dziko lalikulu la kutsidya kwa nyanja.

Padalinso chifukwa cha nkhondo yomweyo: dziko la France silikadathandiza poyera anthu amene ankadzitchabe nzika za mfumu ya Britain. Pa 2 Julayi 1776 msonkhano udavota zodziimira paokha, ndipo pa 4 Julayi udavomereza chikalata cholengeza ufuluwo, chimene Thomas Jefferson ndiye adachilemba poyamba. Chikalatacho chidatsata maganizo a John Locke akuti boma limapeza mphamvu kuchokera kwa anthu olamulidwa, ndipo likaphwanya ufulu wawo iwo angathe kulichotsa. Kenaka chidandandalika madandaulo 27 otsutsa mfumu. France idalowa nkhondoyo mu 1778, asilikali a Britain adagonja ku Yorktown mu 1781, ndipo mu 1783 Britain idavomereza ufulu wa United States pa pangano la ku Paris.

Amene ufuluwu sudawafikire

Yankho labwino limaonetsanso mbali inayo. Si atsamunda onse amene adagalukira. Pafupifupi mzungu mmodzi mwa asanu alionse adakhalabe wokhulupirika kwa mfumu, ndipo nkhondo itatha anthu zikwizikwi otere adasamukira ku Canada, ku Britain ndi kwina. Boma la Britain nalo lidali ndi mfundo yomveka: lidawononga ndalama zambiri pa nkhondo imene idapindulira atsamunda, ndipo okhoma msonkho a kwawo adali atalemedwa kale.

Chikalata cha 1776 chidanena kuti anthu onse adalengedwa ofanana, koma Jefferson mwini wake adali ndi akapolo mazanamazana, ndipo ukapolo udathetsedwa m'dziko lonse la United States mu 1865. Amayi m'dziko lonselo adapatsidwa ufulu wovota mu 1920. Mitundu yambiri ya eni nthaka idathandiza Britain, podziwa kuti atsamunda akapambana adzawoloka mapiri aja, ndipo zidachitikadi.

Nchifukwa chake muyenera kusamala poyerekeza nkhaniyi ndi mbiri ya kwathu. Ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia amene ankamenyera ufulu adali eni nthaka. Chofanana kwambiri ndi 1776 ndi zimene zidachitika ku Southern Rhodesia pa 11 Novembala 1965, pamene boma la azungu la Ian Smith lidalengeza lokha kuti lachoka m'manja mwa Britain. Chikalata chawo chidatengera kalembedwe ka cha ku America, koma mfundo yakuti anthu onse ndi ofanana adaisiya.

Poyankha funso pa mayeso

Musangondandalika malamulo ndi zaka zake. Pa lamulo lililonse nenani chimene lidalamula, chifukwa chimene Britain idalikhazikitsira, ndi mmene lidakhudzira mphamvu ya mabungwe a aphungu a atsamunda. Siyanitsani zifukwa zakale, monga chizolowezi chodziyendetsera zinthu ndi malamulo a zamalonda, ndi zifukwa zapafupi, monga chilango cha 1774 ndi kukana kwa mfumu mu 1775. Onetsaninso kuti kukana msonkho kudayamba mu 1764 ndi 1765, pamene kufuna ufulu wodzilamulira kudakhwima mu 1776, patapita zaka zoposa khumi.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani njira ziwiri zimene nkhondo yotha mu 1763 idasinthira ubale wa Britain ndi madera ake a ku America.
2. Kodi atsamunda adaukaniranji tiyi wa mu 1773 chonsecho adali wotsika mtengo?
3. Nchifukwa chiyani ganizo lolipira abwanamkubwa kuchokera ku msonkho wa Townshend lidaopsa mabungwe a aphungu?
4. Tchulani zinthu zitatu zimene zidachititsa atsamunda kusiya kudandaula n'kuyamba kufuna ufulu wodzilamulira.
5. Lembani chimangirizo cha mawu osapitirira 350 pa mutu uwu: "Ufulu wa mu 1776 sudali wa anthu onse a ku America."